Dokotala akuti chotupa cha achimwene "chasintha". Chasintha bwanji?

Nabanda (Mufakose, Harare), Lachiwiri 20:14
Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndalemba usiku, koma mutu umodzi susenza denga. Ambiri mukudziwa kuti achimwene anga aakulu anawapeza ndi khansa ya m'matumbo chaka chatha ali ndi zaka 43. Anawadula mbali ya thumbo lalikulu chakumanzere, koma sikani inaonetsa kuti matenda anali atafika kale kuchiwindi, timadontho titatu. Anayamba kemo, ndipo dokotala anawonjezera mankhwala ena a dilipi otchedwa cetuximab. Asanawayambe anatumiza kaye kachidutswa ka chotupa ku labu, zotsatira n'kubwera zoti achimwene ndi oyenera kulandira. Tinagulitsa galimoto, ndipo mng'ono wanga wa ku Johannesburg ndiye wasenza zambiri.

Miyezi yoyamba zinayenda. Nkhope yawo inatuluka ziphuphu, khungu la m'zala linang'ambika moti mabatani a shati ndinkawamangira ndine, koma timadontho tija tinafota. Anayambanso kumaliza mitanda iwiri ya nsima, kutchalitchi n'kumapita wapansi. Lero takamva za sikani yatsopano, patatha miyezi 7. Kadontho kamodzi kakula ndipo pamera kena. Dokotala akuti chotupa chasintha, mankhwala aja sakuchigwiranso. Pakhomo pano pavuta. Alamu akuti mwina ulendo womaliza tinagulitsidwa mankhwala achinyengo. Amalume akuti pali dzanja la munthu. Ine ndikungofuna kumvetsa. Chotupa chimasintha bwanji? Si chomwe chija anachiyeza?

aPhiri a Mlembi (Mbare), 20:22
Pepani kwambiri mayi. Tili nanu pamodzi.

Agogo aNachisale (Epworth), 20:25
Mwana wanga, limba mtima. Mawa kumapemphero a amayi timutchula dzina.

Nesi Nangozo (Highfield), 20:41
Achemwali pepani. Choyamba, alamu anu muwatonthoze. Ziphuphu zija ndi kung'ambika kwa khungu ndi zomwe mankhwala amenewa amachita akakhala m'thupi, ndipo timadontho tinafota maso anu akuona. Zomwe zachitikazi zimachitikira odwala ambiri olandira mankhwala amenewa, ngakhale m'zipatala za ku London. Amagwira miyezi ingapo kenako matenda amapeza njira yozembera. Koma za mkatikati mwa maselo akufotokozereni aMbewe, ndi ntchito yawo. AMbewe muli pomwepo?

aMbewe a ku labu (Warren Park), 21:03
Ndilipo amayi. Anti Nabanda, pepani. Ndilemba zazitali, mundipirire.

Khungu la mkati mwa thumbo limatha msanga chifukwa chakudya chimalikhula tsiku ndi tsiku, choncho thupi limalikonzanso lonse pa masiku 3 mpaka 5 alionse. Kuti zimenezi zitheke, maselo amagawikana usana ndi usiku. Selo lililonse lisanagawikane limakopera buku lake la malangizo, DNA, lomwe lili ndi zilembo zoposa 3 biliyoni. Pokopera pamalakwika chilembo apa ndi apo. Kulakwika kumeneku ndi komwe madokotala amati mutation. Zambiri thupi limazikonza, zina zimatsala koma sizipweteka. Vuto limayamba cholakwika chikagwera pa majini amene amalamula selo kuti ligawikane kapena lileke.

Agogo aNachisale, 21:09
Majini? Ndiye kuti amalume ake aja anena zoona?

aMbewe a ku labu, 21:12
Ayi agogo, pepani, mawuwo ndawasankha molakwa. Sindikunena mizimu yoipa ayi. Ndikunena ma gene, ndime za m'buku la DNA lija, zomwe timatengera kwa bambo ndi mayi, zija zimachititsa mwana kutengera mphuno ya agogo ake. Mabuku ena achichewa amalemba "majini", koma pano ndizingoti ma gene kuti tisasokonezane. Palibe dzanja la munthu pankhaniyi.

aPhiri a Mlembi, 21:30
Mwanawe, zokoperazi ndazimva bwino, chifukwa ndi ntchito yanga. Kaundula wa sosaite yathu ya maliro takhala tikumukopera m'buku latsopano lakale likadzaza kapena likanyowa, kuyambira nthawi ya malemu bambo anga. Mlembi wina wakale, wokulira kuno, analemba dzina lina ndi r pamene panali l, monga amanenera anzathu achishona. Kuyambira pamenepo buku lililonse lokopera kwa iye linatenga r ameneyo. Nthambi yathu ina itapatuka inatenga buku lakale, ndiye kwawoko dzinalo lidakali ndi l, koma ali ndi zolakwika zawozawo zomwe ife tilibe. Ukayala mabukuwo patebulo umatha kudziwa lomwe linakopera kwa linzake. Kodi ndi zomwezo?

aMbewe a ku labu, 21:58
Bambo, ndi zomwezo ndendende, ndipo akatswiri amachita zomwe mwanenazo. Amayala zidutswa za chotupa chimodzi, n'kuona zolakwika zomwe zili paliponse ndi zomwe zili mbali imodzi yokha, n'kujambula mtundu wake ngati mmene timalondolera mbumba. Zolakwika zopezeka paliponse ndi zakale, za kholo. Zopezeka pangodya imodzi ndi za nthambi.

Mu 1990 Eric Fearon ndi Bert Vogelstein a ku yunivesite ya Johns Hopkins, mumzinda wa Baltimore ku America, analongosola njira yomwe khansa zambiri za m'matumbo zimadzera. Kawirikawiri choyamba kuwonongeka ndi gene yotchedwa APC, yomwe ntchito yake ndi kuletsa maselo kuchulukana mopitirira. Imapezeka yowonongeka m'zotupa pafupifupi 80 pa 100 zilizonse. Ikafa pamamera kanthu konga njerewere mkati mwa thumbo, ma polyp aja. Imeneyo si khansa. Pakapita zaka, selo limodzi m'kanjerewereko likhoza kulakwitsanso pa gene ina, KRAS, ndiye ana ake amakula mothamanga kuposa anzawo. Kenako TP53, yomwe imalamula selo lowonongeka kuti lidziphe, nayo ikafa, chinthucho chimayamba kuboola khoma la thumbo. Ulendo wonsewu nthawi zambiri umatenga zaka 10 kapena kuposa. Si zotupa zonse zimatsata ndondomeko imeneyi, zina zimadumpha, zina zimadzera kwina.

Chotupa chimodzi chimakhala ndi ma gene osinthika makumi angapo, koma oyendetsa matenda ndi ochepa, awiri mpaka 8. Akatswiriwo amawatcha madalaivala, enawo amati ndi okwera chabe, ngati mu kombi.

Tsono funso lanu anti. Chotupa chachikulu ngati nsawawa imodzi chili ndi maselo mamiliyoni mazanamazana, ndipo si ofanana. Onse ndi a kholo limodzi koma ndi mabanja osiyanasiyana. Munthu wina dzina lake Peter Nowell analemba zimenezi kale mu 1976, kuti khansa imasanduka mibadwomibadwo mkati mwa wodwala mmodzi. Mu 2015 gulu la Christina Curtis ndi Andrea Sottoriva linayeza tizigawo 349 tochokera m'zotupa 15 za m'matumbo, n'kupeza kuti kusiyana kwambiri kumayamba chotupa chidakali chaching'ono zedi, kalekale munthu asanamve kupweteka kulikonse. Ndiye kachidutswa kamene anatumiza ku labu kananena zoona, koma zoona za malo amene anatapapo, ndi za maselo amene anali ochuluka. Zili ngati kutapa chimanga dzanja limodzi pakamwa pa thumba. Ngati m'thumba lonse muli njere zitatu zofumbwa, m'dzanja mwanu simuziona.

Nabanda, 22:10
Ndikutsatira. Koma anayeza chiyani kwenikweni? Papepala pali mawu oti "RAS wild type".

aMbewe a ku labu, 22:26
Amenewo akutanthauza kuti KRAS ndi mbale wake NRAS anawapeza ali bwinobwino, osasinthika. Pakhungu la selo pali kakhomo kolandirira uthenga woti "gawikana", dzina lake EGFR. Uthenga ukafika pakhomopo, KRAS ndiye mthenga amene amathamanga nawo kulowa mkati. Cetuximab amatseka khomolo. Mthenga akakhala wabwinobwino amangokhala pansi chifukwa palibe chomwe wapatsidwa, selo n'kuleka kugawikana. Koma KRAS akasinthika amakhala mthenga wongofuula "gawikana, gawikana" popanda womutuma. Pamenepo kutseka khomo kulibe phindu. N'chifukwa chake amayeza kaye, pakuti odwala pafupifupi 40 pa 100 chotupa chawo chimakhala ndi KRAS wosinthika kuyambira pachiyambi, ndipo kwa iwo mankhwalawa n'kutaya ndalama.

Kwa achimwene anu maselo ochuluka anali omvera, n'chifukwa chake timadontho tinafota. Koma n'kutheka kwambiri kuti penapake munali kabanja kakang'ono ka mthenga wofuula uja, kapena kokhala ndi njira ina yozembera. Anzake atafa, iko kanatsala ndi malo onse ndi chakudya chonse. Mu 2012 magulu awiri, lina la ku Baltimore, lina la Alberto Bardelli ku Italy, anaonetsa zimenezi poyeza magazi a odwala. A ku Baltimore anatsatira odwala 24 omwe poyamba KRAS wawo anali bwino, ndipo mwa 9 zidutswa za KRAS wosinthika zinayamba kuoneka m'magazi, ambiri pakati pa mwezi wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi. Miyezi 7 ya achimwene anu ikugwera pafupi pomwepo.

aMwale (Dzivarasekwa), 22:40
Ndiye tinene kuti mankhwalawo ndi amene abweretsa vuto? Akanapanda kulandira bwenzi kabanja koipako katakhala kaching'ono. Ine zimenezi ndi zomwe zimandikayikitsa ndi zipatala.

aMbewe a ku labu, 22:55
Achimwene, funso lanu ndi labwino koma taganizani izi. Mabanja enawo sanali abwino ayi, onse anali khansa, onse ankadya chiwindi. Akanapanda kulandira mankhwala, onse pamodzi akanakula osaima. Mankhwala anapha ochuluka, n'kupatsa munthu miyezi yodya nsima ndi kuyenda yekha. Chomwe anachita ndi kupeta. Mukapopera mbozi m'chimanga chaka ndi chaka ndi mankhwala amodzimodzi, zotsala ndi zija zolimba, ndipo ndizo zimaswana.

Sindibisa, pali kafukufuku wa 2019 wa gulu la ku Italy lomwe lija woonetsa kuti maselo ena akapanikizidwa ndi mankhwalawa amafooketsa kakonzedwe ka DNA yawo, zolakwika n'kumachuluka, ngati munthu wotsekeredwa amene akuyesa kiyi aliyense. Ndiye zonse ziwiri zimachitika, ena analipo kale, ena amabadwa mankhwala ali mkati. Koma ngakhale zili choncho, kulandira kunali koyenera.

aMwale, 23:01
Za mbozizo ndazimva. Kamunda kanga ka kuseri kwa njanji ndinaziona ndi maso.

Nesi Nangozo, Lachitatu 05:48
Mwadzuka bwanji. Ndawerenga zonse ndikuweruka ntchito ya usiku, ndipo zandikumbutsa kumudzi. Ine unamwino ndinaphunzira ku Malawi. Achikulire mukukumbukira chloroquine, wowawa uja, woyabwitsa thupi. Anafika poti ana tikuwapatsa koma malungo osatsika. Mu 1993 dziko la Malawi linamusiya n'kuyamba Fansidar, ndipo linali loyamba mu Africa muno kutero. Chodabwitsa chinadza pambuyo. Atamusiya, tizilombo tosamva chloroquine tinayamba kuchepa tokha, ndipo pofika 2006 kafukufuku wa ku Blantyre anapeza kuti chloroquine akuchizanso pafupifupi ana onse amene anawayesa. Tizilombo tolimba tija kulimba kwake kunali ndi mtengo. Mankhwala atachoka, tinzake tamba tinatipambana. AMbewe, kodi khansa nayo imatero?

aMbewe a ku labu, 06:35
Amayi, mwalasa penipeni. Imatero, mwa odwala ena. Mu 2015 a ku Italy anaona kuti cetuximab kapena mnzake panitumumab akaimitsidwa, KRAS wosinthika uja amayamba kuchepa m'magazi. Anapanga kafukufuku wotchedwa CHRONOS, zotsatira zake zinatuluka mu 2022. Odwala omwe mankhwalawa anasiya kuwagwira kale, n'kupuma kwa miyezi akulandira zina, anawayeza magazi. Omwe magazi awo anaoneka oyera anawabwezera panitumumab. Mwa 27, zotupa za 8 zinafotanso.

Anti Nabanda, ndikupempheni musamve ngati ndikulonjeza. Anthu 8 mwa 27 si onse, ndipo kufota si kuchira. Koma ndi funso loti mukafunse dokotala, kuti pambuyo pa mankhwala ena khomo limeneli lingadzatsegukenso kodi. Kuyeza kwa magaziko amati liquid biopsy. Ubwino wake ndi woti maselo a khansa akamafa, kaya ali kuchiwindi kaya kwina, amataya zidutswa za DNA m'magazi, ndiye umamva mawu a mabanja ambiri nthawi imodzi, osati a ngodya imodzi.

Nabanda, 07:02
Ndalemba zonse m'kope. Ndawawerengera alamu, alira koma akuti mtima watsika. Iwo ankadziimba mlandu chifukwa ndi amene anakatenga mankhwala ulendo womaliza.

Nankhoma (Kambuzuma), 09:17
Pepani ndilowerere ndi yanga. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma mawu oti ma gene timatengera kwa makolo andisowetsa tulo. Amayi anga anamwalira ndi khansa ya chiberekero ali ndi zaka 48. Osati ya khomo la chiberekero ija amayeza kukiliniki, koma ya mkati. Mlongo wawo, amalume anga, anamwalira ku Dedza ndi chotupa cha m'matumbo asanafike zaka 50. Agogo aakazi akuti ankangoti m'mimba, m'mimba mpaka kupita. Kwathu amati ndi tsoka la pamtundu. Ine ndili ndi zaka 34 ndi ana atatu.

Nesi Nangozo, 09:40
Mwana wanga, wachita bwino kulankhula. Mbiri imeneyi usaisunge mumtima, ukainene kwa dokotala monga waineneramu, ndi zaka zomwe. Chiberekero ndi matumbo m'banja limodzi, anthu asanafike 50, ndi chizindikiro chomwe timaphunzitsidwa kuchitchera khutu.

aMbewe a ku labu, 10:22
Achemwali, ndisiyanitse kaye zinthu ziwiri. Zolakwika zomwe ndimanena usiku, APC, KRAS ndi zinazo, mwa anthu ambiri zimabadwira m'thumbo momwemo munthu akukula. Sizili m'mbewu yake, sangapatsire mwana. Koma pali mabanja ena omwe cholakwika choyamba amabadwa nacho.

Tibwerere ku kaundula wa bambo Phiri. Mlembi akamaliza kukopera pamakhala wina wowerenganso n'kukonza. M'selo ntchito imeneyo ndi ya ma gene anayi, MLH1, MSH2, MSH6 ndi PMS2. Aliyense wa ife ali ndi makope awiri a gene iliyonse, la kwa bambo ndi la kwa mayi. Munthu akabadwa kope limodzi lili lakufa kale, amatsala ndi limodzi, ndipo likadzafa m'selo lina la m'thumbo, selo limenelo limakopera popanda wokonza. Zolakwika zimachuluka mazanamazana mpaka masauzande, ndipo ulendo uja wa zaka 10 ukhoza kutenga zaka zochepa chabe. Matendawa amatchedwa Lynch syndrome. Amayambitsa pafupifupi 3 pa 100 ya khansa za m'matumbo, ndipo kwa amayi amabweretsanso ya mkati mwa chiberekero. Kholo likakhala nawo, mwana aliyense ali ndi theka la mwayi wotengera, theka wosatengera.

Amene anayamba kulemba za banja lotere ndi dokotala Aldred Warthin wa ku Michigan mu 1913. Mayi amene ankamusokera zovala anamuuza kuti akudziwa kuti adzafa ndi khansa monga abale ake, ndipo anafadi nayo. Nthawi imeneyo panalibe chochita. Lero chilipo. Wopezeka ndi Lynch amaunikidwa m'matumbo ndi kamera, colonoscopy, chaka chilichonse kapena zaka ziwiri zilizonse kuyambira ali ndi zaka za m'ma 20, ndipo tinjerewere amatidula pomwepo tisanasanduke kanthu. Sindikunena kuti muli nawo, sindingadziwe pafoni. Ndikunena kuti mbiri yanu ndi yokwana kuti akuyezeni.

Chinanso chokhudza anti Nabanda. Zotupa zopanda wokonza zija, zomwe papepala amalemba MSI-high kapena dMMR, ndi pafupifupi 15 pa 100, zambiri mwa izo si zotengera. Chifukwa chodzaza ndi zolakwika, zimaoneka zachilendo kwambiri kwa asilikali a m'thupi, ndiye mankhwala odzutsa chitetezo monga pembrolizumab amazigwira bwino. Mu 2022 ku New York odwala 12 a khansa ya kumapeto kwa thumbo ya mtundu umenewu analandira dostarlimab, ndipo mwa onse 12 chotupa chinazimiririka. Mwa odwala omwe matenda afalikira kale, a mtundu umenewu ndi ochepa, pafupifupi 5 pa 100. Komabe kwa munthu wa zaka 43 kuyezako n'kofunika. Taonani pamapepala ngati pali mawu oti MMR kapena MSI.

Nabanda, 10:51
Ndafufuza mufayilo yonse, sindikuwaona. Ndikafunsa Lolemba.

Nankhoma, 11:05
Zikomo. Manja akunjenjemera koma bola kudziwa. Ndiimbira azakhali ku Dedza andiuze bwino zaka za amalume.

aPhiri a Mlembi, 13:30
Chomwe chikundidabwitsa ine ndi zaka. Tikukula, matenda amenewa tinkamva kuti ndi a azungu, ndiponso a nkhalamba. Ambiri tinayamba kuwatchula dzina pamene a Morgan Tsvangirai, omwe anakhalapo nduna yaikulu ya Zimbabwe, analengeza okha mu 2016 kuti ali nawo, n'kumwalira mu February 2018. Koma m'kaundula wathu zaka zapitazi ndalembamo anyamata oti ndinawanyamula ali makanda, ndipo achibale amati ndi m'matumbo. Chasintha n'chiyani?

Nesi Nangozo, 14:12
Bambo, mbali ina n'kuti kale sankayeza, munthu ankangoti wafa ndi m'mimba monga agogo a Nankhoma. Koma mbali ina ndi mphika. Taonani chomwe mwana wa mu Harare amadya kuyambira m'mawa: buledi woyera ndi polony, masana chipisi ndi soseji, chakumwa cha shuga, madzulo nsima ya ufa woyera ndi kanyama. Mgaiwa, nyemba, khobwe, nkhwani, bonongwe, ana athu amati ndi zakumudzi. Mu 2015 bungwe la WHO loona za khansa linaika nyama zokonzedwa kufakitale m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo, ndipo linati magalamu 50 tsiku lililonse amakweza chiopsezo ndi 18 pa 100. Onjezanipo mowa, fodya ndi kunenepa.

Chaka chomwecho kunatuluka kafukufuku wa dokotala Stephen O'Keefe, amene anasinthanitsa chakudya pakati pa anthu akuda 20 a ku America ndi anthu 20 a kumidzi ya ku KwaZulu-Natal, kwa masabata awiri okha. A ku America atadya phala la chimanga, nyemba ndi masamba, kutupa kwa khungu la m'matumbo ndi liwiro la kugawikana kwa maselo zinatsika. A kumudzi atadya zamafuta zinakwera. Masabata awiri! Sindikuti amene wadwala wadzidwalitsa, ayi ndithu, alipo odya bwino amene amadwala. Koma mphika ndi umene uli m'manja mwathu.

aMbewe a ku labu, 14:50
Ndiwonjezere chimodzi chomwe chimandikhudza. Chilichonse chowononga DNA chimasiya kalembedwe kakekake ka zolakwika, monga mmene bambo Phiri angazindikirire mlembi poona dzanja lake. Pali mtundu wina wa bakiteriya ya E. coli wokhala m'matumbo umene umatulutsa poizoni wotchedwa colibactin. Kafukufuku wa 2025 wa zotupa 981 za m'mayiko 11 anapeza kuti dzanja la colibactin limaoneka kuwirikiza katatu mwa odwala osafika zaka 40 poyerekeza ndi opitirira 70, ndipo zikuoneka kuti chilondacho chimachitika munthu adakali mwana.

Chondipweteka ine n'choti zambiri zomwe ndalemba pagulu pano zinayezedwa pa zotupa za anthu a ku America ndi ku Ulaya. Madokotala a pa University of Zimbabwe akhala akulemba kuti kuno odwala ambiri ndi achinyamata kuposa kumeneko, koma zotupa zathu zowerengedwa DNA yonse ndi zochepa kwambiri. Ndiye wina akadzakupemphani kuchipatala kuti kachidutswa ka chotupa kalowe m'kafukufuku wovomerezeka, funsani mafunso onse, koma musathamangire kukana.

Nabanda, 19:36
Pali chinthu chomwe sindinanene. Achimwene anayamba kuona magazi kuchimbudzi chaka chathunthu asanapezeke. Anapita kukiliniki ina kawiri, ulendo woyamba anawauza kuti ndi mudzi n'kuwapatsa mafuta opaka, wachiwiri anati kamwazi. Palibe anawayeza ndi chala komwe. Ine ndinkaona lamba akuboola mabowo atsopano ndi msomali, thalauzi likukwinyika m'chiuno, ndinkangoti ndi ntchito. Tikanalimbikira nthawi imeneyo, bwenzi zisanafike kuchiwindi?

Nesi Nangozo, 20:04
Achemwali, sindikunamizani kuti chaka chilibe kanthu, chifukwa khansa imeneyi ikapezeka isanatuluke m'thumbo, anthu 9 mwa 10 amakhalabe moyo patatha zaka zisanu. Koma mlanduwo si wanu. Munthu anapita kawiri komwe amayenera kupita. Ife ovala yunifomu ndi amene tiyenera kuleka kuganiza kuti wa zaka 40 sangakhale ndi khansa.

Kwa nonse pagulu pano: magazi kuchimbudzi, kusinthasintha kwa kutsegula ndi kudzimbidwa kopitirira masabata angapo, kuchepa magazi kosadziwika chifukwa, kuonda osafuna. Mukapatsidwa mankhwala a mudzi koma osasintha, bwererani mukanene kuti mukufuna kuunikidwa. Manyazi a kumalo obisika atithera anthu.

aMbewe a ku labu, 20:19
Anti, kuwonjezera pa zomwe anena amayi, pali kafukufuku wa 2019 wa gulu la Curtis lija woonetsa kuti mwa odwala ambiri omwe matenda anafalikira, mbewu yake inachoka m'thumbo molawirira kwambiri, chotupa chisanafike pooneka ndi makina alionse. Palibe angakuuzeni tsiku lomwe za achimwene zinachoka. Musadzisenzetse katundu ameneyo nokha.

Agogo aNachisale, 20:31
Ana inu mwandiphunzitsa. Amalume akewo ndiwaimbira ndine, ndife a msinkhu umodzi, andimvera. Asavutitse wodwala ndi zoyendayenda.

aMwale, 20:44
Ngati pakufunika galimoto Lolemba, ndilipo. Ndikhoza kufika ku Mufakose 6 koloko.

Nabanda, Lolemba 17:52
Tabwerako. AMwale zikomo, Mulungu akudalitseni. Ndinapita ndi kope langa ndipo dokotala anakhala nafe nthawi yaitali. Za MMR akuti anayeza pachiyambi pomwe, pepala linatsalira mufayilo yawo, ndipo okonza aja anayi onse alipo. Ndiye mankhwala odzutsa chitetezo si a achimwene. Zinandipweteka pang'ono, ndinali nditayamba kuyembekezera. Cetuximab amuimitsa, sabata yamawa ayamba kemo ya mtundu wina. Za kuyeza magazi akuti n'zotheka kutumiza ku South Africa, koma ati tisawononge ndalama pano, tidikire miyezi ingapo pamene yankho lake lingasinthe chochita. Ndinawafotokozera za chloroquine ya amayi Nangozo, anagwedeza mutu n'kuti ndi momwemo.

Anatinso ngakhale si Lynch, ife obadwa nawo bere limodzi tiyenera kuunikidwa, kuyambira zaka 10 kutsika pa msinkhu womwe achimwene anapezeka nawo. Ndiye ndi 33. Ine ndili ndi 38, mng'ono wanga 35. Ndalembetsa kale colonoscopy mwezi wamawa, ndipo wa ku Johannesburg ndamuuza akachite komweko.

Nankhoma, 18:10
Azakhali ayankha. Amalume anali ndi zaka 46, ndipo akuti palinso msuweni wawo ku Lilongwe yemwe anadulidwa thumbo ali mnyamata, ali moyo. Achemwali Nabanda, mundilembere kumbali zomwe munachita polembetsa ndi zomwe akuti munthu amwe dzulo lake. Ndikufuna tipite tsiku limodzi.

Nesi Nangozo, 18:21
Nankhoma, msuweni wa ku Lilongweyo ndi wofunika kwambiri. Ngati mapepala ake a opaleshoni alipo, awajambule akutumizire, upite nawo kwa dokotala. Nonse awiri mundiuze tsiku, ndidzasinthana ntchito ndi mnzanga. Mankhwala otsuka m'mimba aja amafooketsa, pamafunika wina wokuperekezani pobwerera.